Mlonda wa Makaundula: M'mene Dziko la France Linayambira Kuyang'anira Makompyuta

Boma lililonse limayenda ndi makaundula, chifukwa silingatolere msonkho, kulipira penshoni, kugawa mankhwala m'zipatala kapena kuchititsa chisankho popanda kudziwa mayina a anthu ake, zaka zawo ndi kumene amakhala. Kwa zaka zambirimbiri makaundulawa anali mabuku ndi makadi otsekeredwa m'makabati a maofesi osiyanasiyana, ndipo kumwazikana kwawoko, ngakhale kunkatopetsa alembi, kunkateteza munthu wamba m'njira imene palibe anachita kuikonza: a msonkho ankadziwa zimene munthuyo amapeza, a chipatala ankadziwa nthenda yake, apolisi ankadziwa milandu yake, koma panalibe mmodzi wodziwa zonsezi pamodzi, pokhapokha atalolera kutha masabata akugogoda ofesi ndi ofesi. Kompyuta inagwetsa mpanda umenewu, popeza imatha kulumikiza makaundula khumi m'kanthawi kochepa, malinga ngati munthuyo analembedwa ndi nambala yofanana m'makaundula onsewo. Apa ndi pamene panachokera nthambi ya malamulo yoteteza deta ya munthu, ndipo mawu akuti deta ya munthu akutanthauza uthenga uliwonse umene ungalozere kwa munthu wodziwika, kaya ndi dzina, nambala ya foni, chithunzi, zidindo za zala, zotsatira za kuchipatala ngakhalenso malo amene foni yake inali usiku wathawu.

Dziko la France silinali loyamba kukhala ndi lamulo lotere, pakuti chigawo cha Hesse ku Germany chinakhazikitsa lake mu 1970 ndipo Sweden inatsatira mu 1973, koma mbiri ya ku France ndi imene imaonetsa poyera chimene chinkaopedwa komanso mtundu wa mlonda amene anthu anaona kuti ndi wofunika. Pa 21 Marichi 1974 nyuzipepala ya Le Monde inasindikiza nkhani ya mtolankhani Philippe Boucher youlula chikonzero cha boma chotchedwa SAFARI, chimene cholinga chake chinali kulumikiza makaundula a nthambi zonse za boma pogwiritsa ntchito nambala imodzi ya nzika iliyonse, pamene unduna woona za m'dziko, umene umayang'aniranso apolisi, unali utapeza kompyuta yamphamvu yosonkhanitsira makadi ake. Dzinalo linali chidule chabe cha mawu a Chifalansa, koma linamveka ngati ulendo wa alenje, ndipo mutu wa nkhaniyo unanena zomwezo, kuti uwu unali ulenje wosaka Afalansa. Nambala imene inkanenedwayo ilipo mpaka lero pa khadi la chithandizo cha zaumoyo la munthu aliyense, ndipo si nambala yongolembedwa mwachisawawa ayi: mwa manambala ake 13, yoyamba imasonyeza ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi, zotsatira zimasonyeza chaka ndi mwezi umene anabadwa, kenaka chigawo ndi mzinda umene anabadwira, kotero kuti woiwerenga amadziwa kale zambiri za mwini wake asanamuone n'komwe.

Kuti chikonzero chooneka ngati chongofewetsa ntchito za m'maofesi chiutse mkwiyo wotero, chifukwa chake chinali chakuti anthu ambiri amene ankawerenga nyuzipepalayo anali ataona ndi maso awo zimene kaundula wosungidwa bwino anachita pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Chakumapeto kwa 1940 Ayuda a mu Paris ndi madera ozungulira analamulidwa kukalembetsa ku polisi, ndipo pafupifupi 150,000 analembedwa m'kaundula amene anadziwika ndi dzina la mkulu wa ofesiyo, André Tulard. Makadi ake anasanjidwa kanayi, motsata dzina, msewu wokhalako, ntchito ndi dziko lochokera, moti pa 16 ndi 17 Julayi 1942 apolisi a ku France sanafunikire kufunsa aliyense njira pamene ankagwira anthu oposa 13,000, mwa iwo ana oposa 4,000, amene ambiri anakaphedwa ku Auschwitz. Alembi amene anadzaza makadiwo sanaphe munthu, ndipo mwina ena ankanyadira ukhondo wa ntchito yawo, koma kaundula amakhalitsa kuposa boma limene linamulemba, ndipo amatumikira aliyense amene wapeza makiyi a kabati. Anthu a mu Africa safunika kupita kutali kuti amvetse mfundoyi, chifukwa ku Rwanda mu 1994 chiphaso cholembedwa mtundu wa munthu ndi chimene chinkagamula za moyo wake pa zipata za m'misewu.

Nduna yaikulu ya nthawiyo, Pierre Messmer, inaimitsa kulumikiza makaundulako n'kukhazikitsa komiti yofufuza, imene lipoti lake linatuluka mu 1975, ndipo zotsatira zake zinali lamulo la pa 6 Januwale 1978 lonena za makompyuta, makaundula ndi ufulu wa anthu. Ndime yake yoyamba imanena kuti luso la makompyuta liyenera kutumikira nzika iliyonse, ndipo lisaphwanye umunthu wa munthu, ufulu wake wachibadwidwe kapena moyo wake wamseri. Mfundo zimene zinamera pa tsinde limeneli ndi zosavuta kuzimva ngakhale kuti kuzitsata n'kovuta. Yaikulu mwa izo ndi ya cholinga, yakuti deta itoleredwe pa chifukwa chodziwika ndi chonenedwa poyera, ndipo isakagwiritsidwe ntchito ina yosemphana ndi chifukwacho, monga pamene nambala ya foni imene wodwala anasiya ku chipatala kuti adzamuuze zotsatira yapezeka m'manja mwa kampani ya inshuwalansi. Pambali pake pali mfundo yakuti asatolere zoposa zimene ntchitoyo ikufuna, kuti asasunge mpaka kalekale, komanso kuti zinthu zimene zingaike munthu pa ngozi, monga mtundu wake, chipembedzo, maganizo ake pa ndale ndi umembala wake m'bungwe la ogwira ntchito, zisalembedwe popanda chilolezo chake chomveka, kupatula m'zochitika zochepa zimene lamulo latchula. Lamuloli linaletsanso kuti chigamulo chokhudza munthu chichokere kwa makina okha popanda munthu mnzake kuchiunika, mfundo imene mu 1978 inkaoneka ngati yodera nkhawa zakutali koma lero, pamene makompyuta akusankha woyenera ngongole ndi woyenera kuitanidwa ku mayeso a ntchito, yakhala pakati penipeni pa mkangano.

Chimene chinali chatsopano kwambiri si mfundozo koma mlonda wake. Opanga lamulo anazindikira kuti woopsezedwa ndi nzika ndipo woopseza wamkulu panthawiyo anali boma lenilenilo, choncho kupereka ntchito yoyang'anira kwa unduna kukanakhala kuuza wosunga nkhokwe kuti azidziwerengera yekha matumba. Anakhazikitsa bungwe lotchedwa Commission nationale de l'informatique et des libertés, mwachidule CNIL, limene linali loyamba m'dzikolo kutchedwa bungwe la boma loima palokha, kutanthauza kuti limalipidwa ndi ndalama za boma koma sililandira malangizo kwa nduna iliyonse. Lero lili ndi mamembala 18, ndipo kasankhidwe kawo kanakonzedwa kuti pasakhale dzanja limodzi lowaika onse: anayi ndi aphungu a nyumba ziwiri za malamulo, asanu ndi mmodzi amachokera ku mabwalo atatu aakulu a milandu ndi a zowerengera chuma cha boma, awiri ku khonsolo ya zachuma ndi chikhalidwe cha anthu, asanu ndi akatswiri odziwa za makompyuta ndi ufulu, ndipo womaliza ndi wapampando wa bungwe loona za ufulu wopeza zikalata za boma. Ndalama za chindapusa chimene bungweli limagamula zimapita ku thumba la boma osati ku bungwelo, njira imene imachotsa chikayikiro chakuti likulanga makampani pofuna kudzinenepetsa.

Kwa munthu wamba, lamuloli limaoneka m'zinthu zing'onozing'ono zimene angathe kuchita ndi kalata imodzi. Munthu amene banki yamukana ngongole popanda chifukwa chomveka angathe kuilembera kuti imuonetse zonse zimene ikusunga zokhudza iye, ndipo malinga ndi malamulo a masiku ano bankiyo iyenera kuyankha pasanathe mwezi umodzi. Akapeza kuti anamusokoneza ndi wina wa dzina lofanana amene anathawa ngongole, ali ndi ufulu wolamula kuti cholakwikacho chikonzedwe, ndipo banki ikanyalanyaza amakadandaula ku CNIL popanda kulipira kanthu kapena kufuna loya. Pa makaundula ena a chitetezo cha dziko, amene sangatsegulidwe kwa aliyense, membala wa bungweli amene ndi woweruza milandu amapita yekha kukaona m'malo mwa wodandaulayo ndi kulamula kuti zolakwika zifufutidwe. M'chaka cha 2023 chokha bungweli linalandira madandaulo oposa 16,000, lili ndi ogwira ntchito osakwana 300, ndipo kusiyana kwa manambala awiriwa kukusonyeza kuti mlondayu sangafike pa khomo lililonse.

Maganizo amenewa anafalikira ku Ulaya konse kudzera m'pangano la mayiko la 1981 lodziwika kuti Convention 108, kenaka m'malangizo a European Union a 1995, mpaka anafika pa lamulo la GDPR limene linavomerezedwa mu 2016 n'kuyamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018. Pofika nthawiyi nkhani inali itatembenuka, chifukwa makaundula aakulu koposa sanalinso m'maunduna koma m'makampani a pa intaneti, amene anthu amawapatsa okha zinsinsi zawo tsiku ndi tsiku posinthana ndi ntchito zooneka ngati zaulere. GDPR inapatsa alonda mano enieni, popeza chindapusa chingafike mayuro 20 miliyoni kapena magawo 4 pa 100 alionse a ndalama zonse zimene kampani yapeza padziko lonse m'chaka, ndipo kampani imene deta ya makasitomala ake yabedwa iyenera kudziwitsa mlonda pasanathe maola 72.

Mlandu woyamba waukulu unali wa Google, imene CNIL inailipiritsa mayuro 50 miliyoni mu Januwale 2019 potsatira madandaulo a mabungwe awiri omenyera ufulu, noyb ndi La Quadrature du Net. Cholakwa chake sichinali kuba deta, koma chinthu chobisika kuposa pamenepo, chimene aliyense wogula foni yatsopano ya Android anakumanapo nacho osachizindikira. Uthenga wofotokoza zimene kampaniyo idzachite ndi deta unali utamwazidwa m'zikalata zingapo, kotero kuti munthu ankafunika kudina kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuti aupeze, ndipo kabokosi kovomereza malonda olunjika kwa iye kanali katachongedwa kale. Bungweli linagamula kuti kuvomera kotere si kuvomera, ndipo bwalo lalikulu la milandu yokhudza boma, Conseil d'État, linagwirizana nalo mu Juni 2020. Mfundo yomweyi inabwereranso pa nkhani ya cookies, timafayilo ting'onoting'ono timene tsamba la pa intaneti limasiya m'foni kapena m'kompyuta kuti lizimuzindikira munthu ndi kutsata kumene akupita. Mu Januwale 2022 bungweli linalengeza chindapusa cha mayuro 150 miliyoni kwa Google ndi 60 miliyoni kwa Facebook pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti kuvomera cookies kunkafuna kudina kamodzi pamene kukana kunkafuna kudina kangapo, ndipo linawapatsa miyezi itatu kuti akonze, apo ayi azilipira mayuro 100,000 tsiku lililonse lochedwa. Ena angaone ngati kukangana pa batani n'kutaya nthawi, koma okonza masambawo amadziwa bwino kuti munthu wofulumira amadina chimene chili pafupi, ndipo phindu lawo lonse lagona pa ulesi wachibadwa umenewu.

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kuti nkhaniyi ikukhudza thupi ndi thukuta la munthu ndi cha nyumba zosungiramo katundu za Amazon France Logistique, imene inalipitsidwa mayuro 32 miliyoni m'chigamulo chimene chinalengezedwa mu Januwale 2024. Wogwira ntchito aliyense m'nyumbazi amanyamula kamakina ka m'manja kowerengera katundu, ndipo katundu aliyense amene wanyamula kapena kuika pa shelefu amalembedwa pamodzi ndi nthawi yake. Kuchokera m'zolembazi kampaniyo inkawerengera ngati munthu wawerenga katundu wina pasanathe sekondi imodzi ndi kota kuchokera pa woyamba, ngati kamakinako kakhala chete kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, ngakhalenso kupuma kwa pakati pa mphindi imodzi ndi khumi, ndipo zonsezi zinkasungidwa kwa masiku 31. CNIL sinakane kuti bwana ali ndi ufulu woyang'anira ntchito, koma inaona kuti kuyeza kofika pa sekondi kumachititsa wantchito kukhala wokonzeka kufotokoza chifukwa cha kupuma kulikonse, ngakhale kopita kukataya madzi. Kampaniyo inatsutsa chigamulocho ponena kuti njirazo n'zofunika pa chitetezo ndi ubwino wa ntchito.

Mphamvu za mlondayu zili ndi malire, ndipo malire oyamba ndi a dziko. Bwalo la milandu la European Union litagamula mu Meyi 2014 kuti munthu angathe kupempha Google kuti ichotse pa zotsatira za dzina lake nkhani zakale zimene zilibenso ntchito, CNIL inafuna kuti kuchotsako kuzichitika padziko lonse, koma mu Seputembala 2019 bwalo lomwelo linati lamulo la ku Ulaya silikakamiza kuchotsa kunja kwa mayiko a mgwirizanowo. Kampani ya ku America ya Clearview AI, imene inakokolola zithunzi za nkhope zoposa 20 biliyoni pa intaneti n'kumagulitsa luso lozindikira munthu pa chithunzi, inalipitsidwa mayuro 20 miliyoni mu Okutobala 2022 ndi ena 5.2 miliyoni chaka chotsatira chifukwa chosamvera, koma iyo inkangoti ilibe ofesi kapena makasitomala ku France.

Malire achiwiri, amene ndi odetsa nkhawa kwambiri, ali pakhomo pomwepo. Bungwe limene linabadwa kuti liletse boma lakhala lolimba kwa makampani kuposa kwa boma. Lamulo la bajeti ya 1999 linalola nthambi ya msonkho kugwiritsa ntchito nambala ija imene inautsa mapiri pachigwa mu 1974, ndipo kusintha kwa lamulo la 1978 kwa mu Ogasiti 2004, kumene kunapatsa CNIL mphamvu yolipiritsa chindapusa, kunailandanso mphamvu yotchinga makaundula a apolisi ndi a chitetezo, moti kuyambira pamenepo maganizo ake pa makaundula otere ndi uphungu chabe umene boma lingaumve kapena kuunyalanyaza. Mu 2008 boma linakhazikitsa kaundula wa apolisi wotchedwa EDVIGE, amene ankaloledwa kulemba andale, atsogoleri a mabungwe a ogwira ntchito ndi a zipembedzo, komanso ana oyambira zaka 13 oganiziridwa kuti angasokoneze bata. Chimene chinamugwetsa pasanathe chaka chinali mkwiyo wa anthu ndi mabungwe, ngakhale kuti CNIL inathandiza poumirira kuti chikalata chomukhazikitsa chisindikizidwe poyera. Mu Okutobala 2016 boma linakhazikitsanso kaundula wa TES, wosunga pamodzi zithunzi ndi zidindo za zala za eni mapasipoti ndi ziphaso pafupifupi 60 miliyoni, ngakhale kuti bungweli linalangiza kuti nkhani yaikulu chotere ikambidwe kaye m'nyumba ya malamulo. Kuopsa kwa nkhokwe yotere n'kwakuti nambala yachinsinsi ikabedwa imasinthidwa, pamene chala sichisinthika, ndipo madzi akatayika saoleka.

Mayiko angapo a mu Africa olankhula Chifalansa, monga Burkina Faso mu 2004, Senegal mu 2008 ndi Morocco mu 2009, anapanga malamulo otsanzira a ku France pamodzi ndi mabungwe ofanana ndi CNIL, pamene kum'mwera kuno South Africa inakhazikitsa lamulo la POPIA mu 2013 ndi ofesi yapadera ya Information Regulator, ndipo Zambia inapanga lake mu 2021. Ku Malawi gawo 21 la malamulo aakulu a dziko linateteza kale moyo wamseri wa munthu, kuphatikizapo makalata ndi mauthenga a pa lamya, koma lamulo lapadera loteteza deta linayamba kugwira ntchito mu Juni 2024, patatha zaka zisanu ndi ziwiri kuchokera pamene National Registration Bureau inalemba anthu oposa 9 miliyoni m'kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017, pamodzi ndi zithunzi ndi zidindo za zala zawo. M'zaka zimenezo nambala ya pa chiphaso inamangiriridwa ku simukhadi, ku kaundula wa ovota, ku akaunti ya kubanki ndi ku kugula feteleza wotsika mtengo, ndipo phindu lake ndi losakayikitsa, chifukwa mayina a anthu ongopeka amavuta kubisala m'kaundula wotere. Komabe kumeneku ndi kulumikiza kwa mtundu womwe uja umene Afalansa anaukana mu 1974, kusiyana kwake n'kwakuti kuno nambala inatsogola ndipo lamulo linabwera pambuyo.

Lamulo la 2024 limapatsa munthu ufulu woona deta yake, woikonzetsa ndi wopempha kuti ifufutidwe, ndipo ntchito yoyang'anira linaipereka kwa MACRA, bungwe limene kale lomwe limapereka ziphaso kwa nyumba zoulutsira mawu ndi makampani a foni. Kusankha bungwe lokhazikika kale kumapulumutsa ndalama ndi nthawi, koma mbiri ya CNIL ikusonyeza kuti muyeso weniweni wa mlonda umabwera tsiku limene wolakwayo ndi unduna kapena apolisi, ndipo pamenepo chofunika ndi kudziwa amene amaika mamembala ake pa udindo ndi amene angawachotse. Palinso ntchito ina yotsika kwambiri imene ilibe chochita ndi makompyuta aakulu. Pa kauntala ya ejenti wotumiza ndalama pa foni nthawi zambiri pamakhala kope lotsegula, lolembedwa mayina, manambala a foni ndi kuchuluka kwa ndalama za makasitomala onse a tsikulo, limene wosainira aliyense amaliwerenga poyembekeza cholembera. Mafotokope a ziphaso amaunjikana m'makatoni a m'maofesi, ndipo si zachilendo kuona mtedza kapena mandasi atakulungidwa m'pepala lochokera mu ofesi lokhala ndi mayina a anthu. Lamulo la ku France la 1978, ngakhale linapangidwa poopa kompyuta, linafikitsa zina mwa ndime zake pa makaundula olembedwa pa manja, ndipo GDPR nayo imawerengera mafayilo a pepala osanjidwa mwadongosolo mofanana ndi a m'makina.